Kalata Yogona M'dirowa

Padangokhala.

Ku Nkolokosa, m'munsi mwa phiri la Soche, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Nabanda. Ankagulitsa mandasi ndi tomato m'mbali mwa msewu wopita ku Manja, ndipo ndi tindalama timeneto analera mwana wake mmodzi yekhayo, Limbani. Mnyamatayu anakhoza Fomu 4, koma ntchito osaiona. Iye ndi mnzake Mavuto ankaswera pa bawo, kudikirira ganyu wokanya matope kapena wosenza katundu ku Limbe.

Tsiku lina kunatulukira mlendo wovala bwino, wolankhula mofatsa, wosaumira pogulira anyamata mayunitsi. Anati kumpoto kwa Mozambique kuli ntchito ya usodzi ndi yocheka matabwa, malipiro ake onona. Chomwe sananene n'chakuti kuchigawo cha Cabo Delgado kunali nkhondo. Inabuka mu Okutobala 2017 pomwe zigawenga zinaukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia, ndipo kuchokera apo midzi inkatenthedwa, anthu kuphedwa, ena miyandamiyanda kuthawa kwawo. Mlendoyo ankasakira zigawengazo anyamata atsopano.

Limbani ndi Mavuto anasanduka okopa anzawo. Akapeza mnyamata mmodzi, ndalama inkalowa pafoni. Poyamba sankadziwa komwe anzawowo ankathera. Pomwe ankadziwa, ndalama inali itawatseka kale pakamwa. Mu 2019 anagwidwa pachipata cha Muloza ku Mulanje, ali ndi anyamata asanu m'minibasi. Amene anatsina khutu apolisi anali a Phiri, mphunzitsi wa ku pulayimale, poti mmodzi mwa asanuwo anali mwana wa mlongo wawo. A Phiri anaimanso m'khoti n'kuperekera umboni. Mlendo uja anazemba. Mavuto anamugamula zaka 6 n'kupita naye kundende ina yakutali. Limbani, yemwe ankasunga ndalama, anamugamula zaka 9 n'kumutsekera ku Chichiri.

Lamulo la ndende limachotsera mkaidi wosunga mwambo gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Choncho zaka 4 zitatha, tsiku la Mavuto linayandikira. Apa n'kuti anthu atatu a boma akudziwa kanthu, aliyense kakekake.

Woyamba anali msilikali wa ndende. Anyapala anamuuza kuti Mavuto amalumbira usiku kuti akatuluka, mphunzitsi uja adzaona polekera. M'buku la alendo anaonanso kuti munthu mmodzi wabwera katatu kudzazonda Mavuto, ulendo uliwonse ndi dzina lina. Msilikaliyo analemba kalata yopita kupolisi. Kalatayo inadikira siginecha ya bwana, bwana anali kumsonkhano, ndipo atabwerako anapeza mafailo ena ataiphimba. Inagona m'dirowa. Msilikaliyo anati, "Ine ndalemba. Zotsalazo si zanga."

Wachiwiri anali wapolisi wofufuza milandu. M'kabati mwake munali failo ya mlendo wovala bwino uja, ndi chithunzi chake chomwe. Koma tsiku lotuluka Mavuto sankalidziwa, ndipo sanafunse. Anati, "Akaidi ali ndi eni ake. Zimenezo si zanga."

Wachitatu anali wa ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka, pachipata china cha m'malire. Anazindikira nkhope ina ikuwoloka kawiri ndi ziphaso za mayina osiyana. Analemba m'kope lake n'kulitseka. Anati, "Kugwira mbava ndi kwa apolisi. Zimenezo si zanga."

Mavuto anatuluka m'mamawa ndi kajumbo m'manja, ndipo amene anamuchingamira pageti anali mlendo uja. Amfumu a ku Nkolokosa sanamve kanthu. A Phiri sanamve kanthu. Pasanathe mwezi, usiku wina nyumba ya a Phiri inayaka. Ana anawatulutsira pawindo, koma iwo eni anapsa msana ndi mkono, nakagona ku Queens miyezi ingapo. Kutacha kunapezeka kuti Mavuto wasowa, ndipo anyamata awiri a ku Zingwangwa asowa naye limodzi. Mpaka lero makolo awo sanaone ngakhale manda.

Mkwiyo wa anthu unagwera Nabanda, poti mwana wake anali mnzake wa Mavuto. Anamugwetsera benchi, kumupondera tomato, kumutcha mayi wa chigawenga. Pampopi amayi anzake ankasuntha zidebe akamuona.

Zaka ziwiri zinadutsa, tsiku la Limbani nalo linayandikira. Kalaliki wina wa m'boma, pokumbukira za Mavuto, anaganiza kuti vuto linali kubisa, ndiye mankhwala ake ndi kuulula. Anajambula pepala lotulutsira mkaidi n'kuliponya pagulu la WhatsApp la anthu a m'deralo, ndi mawu akuti: "Chigawenga china chikutuluka Lachisanu. Samalani." Dzuwa lisanalowe uthengawo unali utafika ku Chitawira, ku Naperi ndi ku Chilobwe. Anyamata ena anayamba kusonkhanitsa matayala. Ena anasonkherana ya petulo.

Nabanda atamva anathamangira kwa amfumu, nagwada pakhomo.

"Amfumu, mwana wanga analakwa, sindikana. Koma boma lamulanga. Kodi ndimulandire kuti ndimuike m'manda?"

"Dzukani, mayi," anatero amfumu. "Inenso ndazimvera pafoni ngati mwana wasukulu. Tiyeni tikafunse eni ake."

Ku Chichiri anakumana ndi Sajeni Nachisale, mayi woona za umoyo wa akaidi. Mayiyu anawamvetsera mpaka kumapeto. Sanalembe kalata yokadikira siginecha. Anakagogoda yekha kwa mkulu wa ndende, napempha chilolezo, n'kuyamba kuimba mafoni. Lachitatu m'mawa, m'kachipinda kamodzi munakhala wapolisi wa ku Soche, wofufuza milandu uja ndi failo yake, wa zolowa ndi kutuluka ndi kope lake, mlangizi wa boma wosamalira anthu, amfumu, ndi mlangizi wa zamalamulo wa bungwe la PASI.

Poyamba aliyense anafungatira mapepala ake. Wofufuza milandu anati failo yake ndi yachinsinsi. Wa zolowa ndi kutuluka anati sanatumidwe kudzaulula za kuntchito. Pamenepo mlangizi wa zamalamulo anapempha kulankhula.

"Mabwana, zoterezi zinaonekapo ngakhale kumayiko a ndalama. Ku Britain kunali mnyamata wotchedwa Usman Khan, yemwe anamangidwa pa mlandu wokonza chiwembu cha uchigawenga. Anatuluka mu Disembala 2018. Pa 29 Novembala 2019 anapha anthu awiri, Jack Merritt ndi Saskia Jones, pamsonkhano wothandiza akaidi ku Fishmongers' Hall, mumzinda wa London. Kafukufuku wa imfa zawo atatha mu 2021, zinadziwika kuti nthambi za boma sizinkauzana mokwanira. Zomwe akazitape ankadziwa za iye sizinafike zonse kwa omwe ankamuyang'anira tsiku ndi tsiku. Makompyuta anali nawo, magalimoto anali nawo. Chinasowa n'chomwe chikusowa muno."

Anapuma pang'ono, napitiriza.

"Koma njira yabwino tili nayo kwathu konkuno. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu linathetsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolandira chilango cha imfa. Kuyambira 2015 milandu ya akaidi oposa 100 inamvedwanso, ndipo ambiri anamasulidwa. Anzathu ankatsogola kumidzi, kukakhala pansi ndi mafumu ndi abale, munthuyo asanafike. Anthu omwe ankaopedwa anabwerera kwawo n'kukagwira khasu. Mudzi ukakonzekeretsedwa, umalandira."

Sajeni Nachisale ndiye anayamba kutsegula buku lake. Anati Limbani waphunzira ukalipentala, ndipo kwa zaka zonsezi sanapalamulepo. Anatinso mwezi wathawo kunabwera munthu wodzitcha malume ake, koma Limbani atangomuona pawaya anabwerera, thupi likunjenjemera, ndipo anakana kudya tsiku lonse.

"Malume?" anadabwa amfumu. "Nabanda alibe mlongo wamoyo."

Wofufuza milandu anatsegula failo, natulutsa chithunzi. Sajeni anachiyang'ana n'kugwedeza mutu: anali yemweyo. Wa zolowa ndi kutuluka anavundukula kope lake, napeza mayina awiri omwe nkhope imeneyo inawolokera, ndipo limodzi linafanana ndi lomwe linali m'buku la alendo. M'chipindamo munangoti zii. Onse anaona kuti zidutswa zomwezi zinalipo kale nthawi ya Mavuto, ndipo zikanakumana, msana wa a Phiri sukanapsa.

Anaitanitsa Limbani. Atamutsimikizira kuti mayi ake atetezedwa, anaulula zomwe zinkamudya mumtima. Munthu uja anamutumizira mawu kudzera mwa mkaidi wina: Lachisanu akamupeze kudepoti ya Wenela, apo ayi nyumba ya Nabanda idzatsatira ya mphunzitsi.

Asanabalalike anagawana ntchito, ndiponso anagwirizana chomwe aliyense ayenera kumva. Apolisi anatenga za Wenela, ndipo zimenezo sizinatuluke m'chipindamo. Anayenderanso a Phiri kunyumba kwawo tsiku lomwelo, kuwauza tsiku lotuluka Limbani ndi nambala yoimba pakagwa kanthu. Mlangizi wosamalira anthu anamupezera Limbani malo ku Balaka, kunyumba ya bungwe la Prison Fellowship Malawi komwe akaidi amakonzekera kubwerera kwawo. Amfumu anatenga ntchito yolemera kuposa zonse, yokalankhula ndi anthu awo.

Lachisanu, mlendo wovala bwino anagwidwa ku Wenela ali ndi matikiti a basi ndi ziphaso zabodza m'chikwama. Anyamata a matayala anadikira pamsewu mpaka madzulo, koma Limbani anali atafika kale ku Balaka.

Lamlungu masana amfumu anaitanitsa msonkhano. Anafotokoza za kugwidwa kwa mlendo uja, ndi kuti amene anathandiza anali Limbani. Ena anang'ung'udza ndithu. Kenaka a Phiri anaimirira, mkono wawo wa zipsera uli poonekera.

"Abale anga, palibe pano amene ali ndi chifukwa chokwiyira kuposa ine. Ndinapsa chifukwa odziwa anakhala chete. Mwana wa Nabanda akanapsa chifukwa wodziwa anakuwa pamsika. Moto wake ndi umodzimodzi. Ine sindifuna kuti wina aphe munthu m'dzina langa."

Amfumu anawonjezera kuti, "Nkhani yotere ili ngati khala la moto. Ukalikwirira limazima osaphikira aliyense, ukalimwaza limatentha mudzi. Limaperekedwa paphale, kwa amene akufuna kuphikira."

Patapita miyezi 6 Limbani anabwerera ku Nkolokosa. Mwezi uliwonse ankakaonekera kupolisi ya Soche monga anagwirizanirana, ndipo mlangizi wosamalira anthu uja ankamuyendera. Si onse anamukhulupirira, ndipo iye sanawadandaule. Ntchito yake yoyamba inali kukhomera mayi ake benchi latsopano. Yachiwiri inali zitseko za nyumba ya a Phiri, zomwe anakana kulipidwa.

Phunziro la nthanoyi ndi ili. Inu a m'maofesi a boma, chomwe mukudziwa chokhudza munthu woopsa amene akutuluka m'ndende si chuma chanu chosunga. Mwina mnzanu wa ofesi ina ali ndi chidutswa chotsalacho, ndipo moyo wa mboni uli pakati pa mapepala anu awiriwo. Kulemba kalata sikukwanira. Tsatirani mpaka mutamva kuti yafika, nthawi ikadalipo. Ndipo ife a m'makwalala tisasandutse chenjezo kukhala chiweruzo. Womaliza chilango chake ayenera kuyang'aniridwa ndi maso awiri, lina loteteza mudzi, lina lomuthandiza kuima, chifukwa amene wakanidwa ndi kwawo amalandiridwa ndi omwe anamusocheretsa.