Pa Thamanda la Betesda



Pa Yohane 5 timva za munthu amene anadwala zaka 38, nagona pa thamanda la Betesda. Madzi ochiritsa analipo, koma womtsitsiramo panalibe.

Thamanda lotere lilipo lero lomwe. Nkhalamba ya ng'ala m'maso, kapena mwana wofuna opaleshoni yaikulu, akafika pa chipatala cha boma ku Mangochi kapena cha St Martin's ku Malindi, kawirikawiri atumizidwa ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Pakuti madokotala akatswiri akhala m'zipatala zazikuluzo, ndipo ali owerengeka. Sukulu yathu ya udokotala inatsegulidwa mu 1991, ndipo katswiri sakhwima msanga monga chimanga. Chotero wodwala apatsidwa tsiku lakutali. Tsikulo likafika, ndalama ya ulendo palibe, ndipo wina alowa m'malo mwake.

Kodi tidzangoti boma lichitepo kanthu? Inde lichite, ndipo tikumbutse aphungu athu kosaleka. Koma ifenso tili ndi mangawa. Akulu a mpingo alembe masiku a odwala awo. Msodzi apatuleko pa usipa wake, mlimi pa nkhokwe yake, kuti ulendo ulipidwe. Wina aperekeze wodwalayo, nakhale naye kufikira atachira. Ndipo mwana wanzeru tisamchotse pa sukulu kuti akakoke chilimira. Kapena ndiye dokotala amene tikumdikira.

Ambuye sanampitirire munthu uja. Abale, nafenso tisampitirire mnzathu. Amen.