KODI MTSIKANA AKAPUNTHWA, ABWERERE KU SUKULU?

Ku dziko la Mfumu Chikomeni, kufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi m'dera la Lumezi, monganso m'midzi yambiri ya Acewa ndi Atumbuka, ulipo mlandu umene ubvuta makolo ndi akulu a Mpingo. Mtsikana wa pa sukulu akapezeka ali ndi pakati, kodi atacira nkoyenera kuti abwerere kukaphunzira, kapena camtsalira ndi khasu ndi mtondo basi?

Kale yankho linali limodzi. Kufikira caka ca 1997 mtsikana wotere m'Zambia anali kucotsedwa sukulu osabwereranso, pamene mnyamata amene anacimwa naye kawirikawiri anapitirira ndi maphunziro ace. Mwambo umenewu sunasinthike wokha ai. Mu 1995 akazi a maiko ambiri anasonkhana ku Beijing, ndipo a ku Zambia pobwerera kwao anaika nkhaniyi pakati pa zinthu zokapempha ku Boma. Mu 1996 linayambika bungwe la FAWEZA, la akazi ogwira nchito ya maphunziro, ndipo linalimbikira pempholi. Potsiriza, mu September 1997, pa msonkhano wa pa Mulungushi mu Lusaka, Nduna ya Maphunziro, Dr Syamukayumbu Syamujaye, inalengeza kuti atsikana otere sadzacotsedwanso, koma adzaloledwa kubwerera.

Anthu ambiri abwino, ndi Mipingo ina yomwe, sanakondwere nazo, ndipo mau ao sayenera kunyozedwa. Iwo ati: sukulu ndi malo olerera khalidwe, wolakwa akalandiridwa popanda cilango, anzace adzayesa kuti chimo ndi cinthu copepuka. Ena ati: madzi akatayika saoleka, kuli bwino mwanayo akwatiwe msanga, manyazi acoke pamudzi.

Koma mau amenewa ayenera kuyesedwa bwino. Coyamba, ocimwa anali awiri. Cilango cogwera mmodzi yekha, cifukwa cabe ca kuti thupi lace ndilo liulula mlandu, sicingachedwe cilungamo. Makamaka popeza nthawi zambiri mtsikanayo akali mwana, wonyengedwa ndi munthu wamkulu ndi sopo kapena kandalama. Caciwiri, cilango ca Mpingo cili ndi malekezero: woikidwa pa cilango akalapa, abwezedwa ku Mgonero. Nanga sukulu ikhale yaukali koposa Mpingo, ndi kulanga munthu moyo wace wonse? Cacitatu, cilangoco cigweranso khanda losacimwa, pakuti mai wosaphunzira abvutika kuwerenga khadi la kusikelo ndi malangizo a mankhwala, ndipo umphawi wace ndiwo colowa ca mwana wace. Madzi saoleka ndithu, koma mwana wa munthu si madzi, akagwa adzutsidwa.

Aliponso oganiza kuti sikuyenera akazi kupempha kuti malamulo asinthidwe. Otere akumbukire ana akazi asanu a Tselofekadi, ochulidwa m'buku la Numeri, mutu 27. Atate wao anafa wopanda mwana wamwamuna, ndipo monga mwa mwambo iwo sakadalandira colowa. Anaima pamaso pa Mose ndi akulu, nanena mlandu wao poyera. Sanadzudzulidwe, pempho lao linasanduka lamulo la Aisrayeli onse. Cotero kupempha mwaulemu kuti lamulo lopsinja likonzedwe si cipanduko konse.

Kupempha kotere kwabala zipatso zinanso. Lamulo la Maphunziro la 2011 liletsa kukwatitsa mwana wa sukulu. Kuyambira January 2022 malipiro a m'sukulu za Boma anathetsedwa kufikira Giredi 12. Mu December 2023 lamulo la ukwati linakonzedwa, kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ukhale wacabe, ungakhale womangidwa mwa mwambo wa makolo.

Komatu lamulo lolembedwa ku Lusaka liribe miyendo yofikira pa Chikomeni. Atsikana ambiri sabwerera, lingakhale khomo liri lotseguka: wina asowa womsungira khanda, wina aopa kusekedwa, winanso abale ace analandira kale ndalama, namperekeza ku nyumba ya mwamuna. Otha kufikitsa lamulo ndiwo anthu a pamudzi. Agogo abereke mdzukulu kufikira mai wace ataweruka. Atsibweni akane kutsiriza mlandu wa mimba ndi ukwati wa mwana. Nyakwawa ikamva za ukwati wotere ikanene kwa Mfumu, isabise. Amai a Cigwirizano ndi a Umanyano amperekeze mtsikanayo kwa mphunzitsi wamkulu, pakuti woyenda yekha abwerera panjira ndi manyazi. Ndipo alangize kolimba atsikana ndi anyamata omwe amene sanagwe. Mphunzitsi naye aletse onyoza m'kalasi.

Akazi a mu 1997 anacita mbali yao potsegulitsa khomo. Yatsala mbali ya makolo ndi Akristu, ndiyo kumgwira dzanja mwana ndi kulowa naye. Asanene munthu kuti si mwana wace, pakuti akale anati: mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye.