Kodi Phungu Angathandize Munthu Kudziŵa Mtima Wake?

MWAMUNA wina anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu cha kummwera kwa Beereseba napempha Mulungu kuti afe. Masiku oŵerengeka m'mbuyomo, mwamuna yemweyo anali ataima yekha paphiri la Karimeli pamaso pa aneneri a Baala 450, ndipo anaona moto ukutsika kumwamba kuyankha pemphero lake. Komabe, uthenga umodzi wowopseza wochokera kwa Mfumukazi Yezebeli unamthaŵitsa ulendo wa makilomita pafupifupi 150. Anasiya mnyamata wake m'mudzi, nayenda tsiku lathunthu ali yekhayekha, akumadziona kukhala wosaposa makolo ake amene anali kumanda. Ameneyo anali mneneri Eliya. (1 Mafumu 18:22, 38, 19:1-4)

Munthu wolankhula motero lerolino angalangizidwe ndi dokotala kukaonana ndi phungu kapena katswiri wa zamaganizo. Ndipo anthu oterowo saali oŵerengeka. World Health Organization inayerekezera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali kuchita tondovi. Palinso ena ambiri amene sakudwala, koma amafuna kudziŵa chifukwa chake amapsa mtima msanga, chifukwa chake maukwati kapena maubwenzi awo amasweka mwanjira imodzimodzi nthaŵi zonse, kapena chifukwa chake chisoni cha maliro a zaka khumi zapitazo sichikutha.

Pankhaniyi opembedza amagaŵanika. Ena amati kupita kwa phungu kuli umboni wa kuchepa kwa chikhulupiriro. Enanso amalandira mawu alionse a phunguyo monga ngati uthenga wochokera kumwamba. Kodi lingaliro loyenera nlotani?

Mmene Kuchiritsa mwa Kulankhula Kunayambira

Chikayikiro cha opembedza chili ndi magwero ake. Mu 1895 madokotala aŵiri a ku Vienna, Josef Breuer ndi Sigmund Freud, anafalitsa buku lofotokoza odwala amene anapezako bwino mwa kusimba zinthu zoŵaŵa zimene anazibisa mumtima. Freud anapitiriza ndi njirayo, akumafufuza maloto a odwala ndi ubwana wawo. Koma iye sanakhulupirire Mulungu, ndipo mu 1927 analemba buku lonena kuti chipembedzo nchinyengo chimene munthu amadzitonthoza nacho. Nzosadabwitsa kuti alaliki ambiri a panthaŵiyo anachenjeza nkhosa zawo.

Komabe, uphungu wamakono suli chabe chiphunzitso cha Freud, ndipo aphungu ambiri lerolino samatsatira njira yake. Mu 1951 Carl Rogers wa ku United States anafalitsa buku logogomezera kuti phungu ayenera kumvetsera mwachifundo, popanda kuweruza, kufikira wovutikayo atayamba kumva bwino lomwe zimene iye mwini akunena. Mwambi wa m'Baibulo unayerekezera kale zolinga za mumtima wa munthu ndi madzi akuya, amene munthu wozindikira yekha ndiye amakhoza kuwatunga. (Miyambo 20:5) Aliyense amene anatungapo madzi pachitsime chakuya amadziŵa kuti chingwe sichitsitsidwa mothamanga.

Chopezedwa cha Aaron Beck, dokotala wa pa University of Pennsylvania, nchokondweretsa kwambiri. Iye anaphunzitsidwa njira ya Freud, ndipo anayamba kupenda maloto a ochita tondovi akumayembekezera kupezamo mkwiyo wobisika. M'malo mwake anapezamo kutayikidwa, kulephera ndi kukanidwa. M'ma 1960 anazindikira kuti odwala ake anali ndi malingaliro ongobwera okha, othamanga kwambiri kwakuti iwo eni sanali kuwazindikira: 'Ndine wachabe.' 'Palibe amandifuna.' 'Zinthu sizidzasintha.' Chotero anayamba kuwathandiza kugwira lingaliro lililonse loterolo ndi kulifunsa umboni wake. Kodi nzoona kuti palibe ndi mmodzi yemwe? Kodi nzoona kuti nthaŵi zonse? Njira imeneyi yayesedwa m'mafufuzidwe ambiri, ndipo yathandiza anthu ochuluka ovutika ndi tondovi ndi nkhaŵa.

Zimene Zinachitika pa Horebu

Tsopano talingaliraninso za Eliya. Mulungu sanayambe ndi ulaliki. Mngelo anadzutsa mneneriyo, nampatsa mkate wootcha pamakala ndi madzi, namlola kugonanso. Anachita zimenezi kaŵiri. Munthu wanjala ndi wosagona tulo sakhoza kulingalira bwino, ndipo Mlengi wa thupi amadziŵa zimenezo.

Pambuyo pa ulendo wa masiku 40, Eliya ali m'phanga pa Horebu, Mulungu anamfunsa chimene anali kuchita kumeneko. Kodi Wodziŵa zonse anafunikira kuuzidwa? Kutalitali! Funsolo linali la ubwino wa Eliya. Mneneriyo anakhuthula zonse: changu chake, maguwa ansembe ogumulidwa, aneneri ophedwa, ndi kuti anatsala yekha. Itapita mphepo, chivomezi ndi moto, funso limodzimodzilo linabweranso, ndipo Eliya anabwereza dandaulo lake liwu ndi liwu. Mulungu anamvetsera kachiŵiri popanda kumdula mawu. (1 Mafumu 19:5-14)

Koma kodi Eliya anatsaladi yekha? Nkhani ya m'chaputala chapitacho imasonyeza kuti Obadiya, woyang'anira nyumba ya Mfumu Ahabu, anali atamuuza pamaso kuti anabisa aneneri 100 m'mapanga, 50 kuphanga lililonse, nawadyetsa. (1 Mafumu 18:13) Eliya anazimva zimenezo ndi makutu ake. Mantha ndi kutopa zinangofafaniza mfundoyo m'maganizo mwake. Pamapeto pake mpamene Mulungu anawongolera lingaliro lolakwalo, ndipo anatero ndi chiŵerengero: munali anthu 7,000 mu Israyeli amene sanagwadire Baala. (1 Mafumu 19:18)

Zimenezi sizikutanthauza kuti Baibulo lili buku la zamankhwala, kapena kuti Beck anatenga njira yake m'buku la Mafumu. Zimangosonyeza kuti palibe chodetsedwa m'kufunsa munthu wosweka mtima mafunso, kummvetsera, ndi kumthandiza kupenda zimene amadziuza. Yesu anatchula monga chinthu chodziŵika kwa onse kuti odwala amafunikira wochiritsa, ndipo Luka, mnzake wa Paulo, anali dokotala. (Marko 2:17, Akolose 4:14)

Ndiponso uphungu wabwino sufuna nthaŵi zonse ofesi yokongola. Ku Harare, dokotala wa nthenda za maganizo Dixon Chibanda anataya wodwala wake wina wachitsikana amene anadzipha pamene banja lake linasoŵa ndalama ya basi yomfikitsira kuchipatala. Mu 2006, ku Mbare, iye anayamba kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa kiliniki ndi kukambitsirana ndi ovutika ndi chimene Ashona amatcha kufungisisa, ndiko kuti kuganiza mopambanitsa. Gogoyo samapereka mayankho. Amathandiza munthuyo kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza sitepe loyamba limene iye mwini angatenge. Kufufuza kofalitsidwa mu 2016 m'magazini a zamankhwala a JAMA kunasonyeza kuti pambuyo pa miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi 14 peresenti ya othandizidwa pabenchipo anali adakali ndi zizindikiro za tondovi, poyerekezera ndi pafupifupi theka la awo amene analandira chisamaliro cha masiku onse. Ntchitoyo, yotchedwa Friendship Bench, inafalikira kumaiko ena, kuphatikizapo Malaŵi.

Pamene Kusamala Kuli Kofunika

Ngakhale zili choncho, Mkristu samasiya chikumbumtima chake pakhomo poloŵa m'chipinda cha phungu. Aphungu ndi anthu, ndipo aliyense ali ndi miyezo yake ya chabwino ndi choipa. Wina angaone liwongo lililonse monga nthenda yofunika kuchotsedwa. Zoonadi, pali liwongo lonama, longa la mwana wogwiriridwa amene amadziimba mlandu wa tchimo la munthu wamkulu, ndipo phungu womasula munthu ku goli limenelo amachita ntchito yabwino kwambiri. Koma palinso liwongo loona. Pamene mneneri Natani anafika kwa Davide pambuyo pa imfa ya Uriya, anasimba fanizo la munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mmphaŵi. Davide anapsa mtima naweruza wolemerayo, osadziŵa kuti anali kudziweruza yekha. (2 Samueli 12:1-13) Tsiku limenelo mfumuyo inadzidziŵa bwino koposa ndi kale lonse, ndipo chidziŵitsocho sichinali chokoma. Phungu amene akanauza Davide kuti angodzikhululukira ndi kuiŵala akanamlanda kulapa kumene kunampulumutsa.

Chotero nkwanzeru kuti munthu afunse pachiyambi penipeni. Kodi phunguyo anaphunzira kuti, ndipo kodi ali ndi chilolezo cha ntchitoyo? Kodi amagwiritsira ntchito njira yotani, ndipo kwa utali wotani? Kodi adzalemekeza chikhulupiriro cha wodwalayo ponena za ukwati ndi kulambira? Phungu woona mtima samakhumudwa ndi mafunso ameneŵa.

Chenjezo lina likukhudza chikumbukiro. Kuchiyambi kwa ma 1990, mabanja ambiri ku United States anasweka pamene odwala ena, mosonkhezeredwa ndi mafunso otsogolera kapena kugonekedwa tulo kwa hypnosis, anayamba "kukumbukira" nkhanza zimene pambuyo pake ena a iwo anadzazikana. Mu 1995 Elizabeth Loftus ndi mnzake anasonyeza mmene zimenezi zingachitikire. Anauza anthu 24 nkhani yopeka yakuti anasokera m'sitolo yaikulu ali ana, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anafikira pa kuikumbukira, yonse kapena mbali yake. Zimenezi sizimapereka chifukwa chokayikirira aliyense wosimba za kuchitiridwa nkhanza, pakuti nkhanza zoterozo nzenizeni ndipo nzofala. Koma phungu amene amauza munthu zimene "ziyenera kuti zinachitika" akuthira madzi ake m'chitsime cha mwini.

Thayo la Mpingo

Bwanji nanga za abusa a mpingo ndi okhulupirira anzake a wovutikayo? Mabwenzi atatu a Yobu anachita bwino kwa masiku asanu ndi aŵiri, pamene anakhala naye pansi ali chete. Vuto linayamba pamene Elifazi anatsegula pakamwa nayamba kufunafuna tchimo lobisika limene kunalibe. (Yobu 2:13, 22:5-9) Mkulu wa mpingo amene amauza wochita tondovi kuti akudwala chifukwa chosapemphera mokwanira akuyenda m'mapazi a Elifazi. Wouza wodwala kuleka mankhwala amene dokotala anamlembera akuika moyo wa munthu pangozi, pakuti kuleka mwadzidzidzi ena a mankhwala ameneŵa kumabwezeretsa nthendayo mwamphamvu. Ndipo ngati mbale kapena mlongo ayamba kulankhula za kudzipha, mawuwo sayenera kutengedwa monga nthabwala kapena kusungidwa monga chinsinsi. Afunikira kuperekezedwa kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo wina akhale naye.

Pali zimene mpingo ungachite zimene phungu sangathe. Phungu amaonana ndi munthu kwa ola limodzi pamlungu, mwinamwake kwa miyezi yoŵerengeka. Sadzabwera ndi ndiwo madzulo, sadzalera ana pamene mayi ali gone, ndipo sadzakhala pafupi naye pa kulambira. Eliya anayamba ulendo wake wa m'chipululu mwa kusiya mnyamata wake m'mbuyo. Pochoka pa Horebu anapatsidwa ntchito yoti achite ndi dzina la munthu woti akamfune. Anampeza Elisa mwana wa Safati akulima ndi ng'ombe za magoli 12, namponyera chofunda chake, ndipo kuyambira pamenepo Elisa anamtsata namtumikira. (1 Mafumu 19:15-21)