Kuyamikira Opatsa Amene Maina Awo Sadziŵika

KODI munthu angathokoze motani kaamba ka mphatso pamene woipereka sakudziŵika? Limeneli linali funso lenileni kwa Akristu amene anatumikira anansi awo ovutika mu Alexandra, tauni yothithikana ya mu Johannesburg yokhazikitsidwa mu 1912, imene ili pafupi ndi dera la anthu olemera la Sandton.

2 Pa May 11, 2008, chiwawa cholimbana ndi anthu ochokera kumaiko ena chinabuka m'taunimo nichifalikira kumbali zina za South Africa. Pomalizira pake anthu 62 anaphedwa. Mazana ambiri a alendo anathaŵira kupolisi ya Alexandra, atasiya zonse zimene anali nazo. Inali nyengo yachisanu, ndipo ambiri anagona panja. Matchalitchi, limodzi ndi mabungwe onga Red Cross, anasonkhanitsa mabulangete, zovala ndi chakudya. Zambiri za zinthuzo zinachokera kwa anthu wamba amene anangozitula ndi kupita.

3 Opatsa oterowo anachita mogwirizana ndi uphungu wa Yesu. Iye anachenjeza ophunzira ake kusapereka mphatso zachifundo kuti atamandidwe ndi anthu, nawatsimikizira kuti Atate wawo wakumwamba amaona zochitidwa mtseri. (Mateyu 6:1-4) Nkokondweretsa kuona kuti Baibulo silimatchula dzina la mkazi wamasiye amene anaponya timakobiri tiŵiri mosungiramo zopereka za pakachisi. Komabe, Yesu anamuona namuyamikira koposa olemera onse. (Marko 12:41-44)

4 Kupatsa kwamtseri kumatetezeranso ulemu wa wolandira. Mwamuna amene nyumba yake yafunkhidwa wachititsidwa kale manyazi. Pamene alandira bulangete popanda dzina la mwiniwake, samakhala wamangaŵa kwa munthu aliyense, ndipo samafunikira kuŵerama pamaso pa wina.

5 Nanga chiyamikiro chake chipite kwa yani? Mtumwi Paulo anapereka yankho pamene anali kulinganiza zopereka za Akristu osauka a ku Yerusalemu. Anauza Akorinto kuti utumikiwo sukangothetsa kusoŵa kwa abale awo, komanso ukachititsa ambiri kuyamika Mulungu. (2 Akorinto 9:11, 12) Pamene wopatsa abisika, maso a wolandira amatembenukira kwa Magwero a mphatso iliyonse yabwino. (Yakobo 1:17)

6 Komabe, chiyamikiro chenicheni sichimathera m'pemphero lokha. Mpingo wolandira zopereka zopanda dzina uli ndi thayo lalikulu, popeza palibe amene adzabwera kudzafunsa mmene zinagwiritsidwira ntchito. Paulo iyemwini anapita ndi abale osankhidwa ndi mipingo kuti pasakhale womnenera zoipa ponena za ndalamazo. (2 Akorinto 8:18-21) Motero, pamene Akristu agaŵira thumba lililonse la ufa moona mtima, mosayang'ana fuko kapena dziko la wanjalayo, iwo amathokoza wopatsa wosadziŵikayo m'njira yokha imene iye anaifuna, ndipo amalemekeza Mulungu amene amadziŵa dzina lake.