Wodwazika Nayenso Ali ndi Mzimu Wofunika Chakudya



Pakati pathu ndi ochepa amene sanadwazikepo. Ena munagonapo pansi m'chipatala, mutayala chitenje pafupi ndi bedi la mayi anu. Ena muli ndi agogo kunyumba amene sangathenso kudzisambitsa, kapena mwana amene wakhala chigonere kwa miyezi. Wodwazika amadzuka mbandakucha, kutereka phala, kuchapa zofunda, kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, ndi kusunga nthawi ya mankhwala. Anthu akabwera kudzazonda, funso lawo limakhala limodzi: odwala agona bwanji? Si kawirikawiri kuti wina afunse ngati wodwazikayo wagona.

Pali chinthu chimene odwazika ambiri sachinena pagulu. Tsiku lina kutopa kumafika pachimake, ndipo munthu amakalipira wodwala amene amamukonda, chifukwa wakana phala kapena waipitsa zofunda zongochapa kumene. Kenako amatuluka panja n'kuyamba kudziimba mlandu, poganiza kuti chikondi chake chatha ndipo Mulungu wamukwiyira. M'bale wotereyu tiyenera kumuuza zoona: chikondi chake chilipo, koma thupi ndi mtima wake zatopa.

Ngakhale oyera mtima thupi lawo limatopa. Mu 1868, Bahá'u'lláh pamodzi ndi banja Lake ndi otsatira Ake, onse okwana ngati 70, anatsekeredwa m'ndende ya mzinda wa 'Akká. Madzi anali oipa, chakudya chosakwanira, ndipo pafupifupi onse anagwidwa ndi malungo, kamwazi ndi matenda ena. Atatu anamwalira. 'Abdu'l-Bahá, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 24, ndiye anali kuwasamala usana ndi usiku, mpaka pamapeto pake nayenso anadwala. Ngati Iye, amene timamutenga kukhala chitsanzo chathu cha kutumikira, thupi Lake linafooka, ife tichitirenji manyazi tikatopa?

Timaphunzitsidwa kuti ntchito yochitidwa ndi mtima wotumikira ndi kupembedza. Choncho amene akuchapa zofunda za wodwala akupembedza Mulungu ndi manja ake. Koma Mulungu safuna kuti kupembedza kutisandukire katundu wotiphwanya. M'buku la Kitáb-i-Aqdas, limene linavumbulutsidwa ku 'Akká komweko cha m'ma 1873, Bahá'u'lláh akutilamula kuwerenga Mawu a Mulungu m'mawa ndi madzulo, koma akutichenjezanso kuti tisawerenge mpaka kulema, pakuti cholinga ndi chakuti mzimu upepukidwe. M'buku lomwelo Iye analoleza kumvera nyimbo, ndipo anaziyerekeza ndi makwerero amene mzimu umakwererapo kunka kumwamba, natiuza kuti tisadumphe malire a ulemu ndi kudziletsa. 'Abdu'l-Bahá nayenso anaphunzitsa kuti nyimbo ndi chakudya cha mzimu. Wodwazika amene wakhala pansi mphindi zochepa kumvera nyimbo yodekha sakuthawa ntchito. Akudya kuti athe kupitiriza.

Nzeru imeneyi ndi yakalekale. Ambiri tikudziwa nkhani ya m'Baibulo ya mfumu Sauli, amene mtima wake ukasautsika ankatsitsimuka Davide akamuimbira zeze. Amayi a kumudzi nawonso amaidziwa popanda wowaphunzitsa: mwana akalira kumbuyo, amamuimbira motsitsa akumugwedeza, ndipo kawirikawiri mtima wa mayiyo umakhazikika limodzi ndi wa mwanayo.

A zaumoyo amafotokoza mmene izi zimachitikira. Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, mpweya umakhala waufupi, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika. Zimenezi n'zothandiza pa ngozi ya kanthawi, koma kudwazika kumatenga miyezi kapena zaka, ndipo thupi likakhala tcheru nthawi yonseyo tulo timasowa, mutu umawawa, ndipo munthu sachedwa kupsa mtima. Nyimbo yoyenda pang'onopang'ono imathandiza kuti kupuma kudekhe, ndipo kupuma kukadekha mtima nawonso umatsika liwiro. Kuimba wekha kumathandiza kwambiri, chifukwa woimba amakoka mpweya wambiri n'kuutulutsa pang'onopang'ono, ndipo kutulutsa mpweya motero kumakhazika thupi pansi.

Nanga tingachite bwanji m'nyumba mwathu?

Sankhani nthawi imodzi pa tsiku, mwina wodwala akagona masana kapena mukamaliza kutsuka mbale usiku. Mphindi 10 kapena 15 n'zokwanira. Khalani pansi, ikani ntchito pambali, ndipo mverani nyimbo yofatsa, yopanda ng'oma zaphokoso, pa wailesi kapena pa foni. Isakhale nyimbo yokukumbutsani maliro ngati mtima wanu uli kale ndi mantha. Ngati muli m'chipatala, kumbukirani odwala ena: tsitsani mawu, kapena ikani chomvera m'khutu limodzi lokha kuti wodwala wanu akaitana mumve.

Ngati mulibe wailesi kapena foni yatha moto, muli ndi mawu anu. Ng'ung'udzani nyimbo imene mumaikonda pamene mukuchapa. Tengani pemphero lalifupi limene munaloweza, monga pemphero la machiritso, ndi kuliimba motsitsa m'malo molithamangitsa. Pemphero loimbidwa silitheka kulifulumiza, ndipo mawu ake amapeza mpata wolowa mumtima.

Nthawi zina gawanani nyimboyo ndi wodwala, koma yambani mwamufunsa, pakuti amene akumva ululu mwina akufuna bata. Okalamba amene ayamba kuiwalaiwala, mpaka kusazindikira ana awo, kawirikawiri amakumbukirabe nyimbo za pa ubwana wawo. Kuwaimbira nyimbo yoteroyo powasambitsa kapena powadyetsa kungachepetse mantha awo ndi kulimbana, ndipo kwa kanthawi inu mumaonanso kholo lanu lija, osati matenda okha.

Tisasokoneze, abwenzi. Nyimbo silowa m'malo mwa mankhwala. Bahá'u'lláh anatilamula kuti tikadwala tipite kwa madokotala odziwa ntchito yawo, ndipo 'Abdu'l-Bahá anafotokoza kuti machiritso a thupi ndi a mzimu ayenera kuyendera limodzi. Lamuloli likukhudzanso wodwazika. Ngati papita masabata osagona bwino, chakudya sichikulowa, chisoni sichikuchoka, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani kuchipatala msanga.

Nyimbo silowanso m'malo mwa abale. Mutu umodzi susenza denga. Wodwazika sangakhale pansi mphindi 15 ngati palibe womugwirira ntchito mphindi zimenezo. Apa ndi pamene gulu lathu liyenera kuyesedwa. Timakumana kuphunzira za kutumikira, ndipo mwina nyumba yachitatu kuchokera pano muli mayi amene sanapite ku Phwando la Masiku 19 kwa miyezi ingapo chifukwa sangasiye wodwala yekha. Awiri a ife angapite kukatunga madzi ndi kukhala ndi wodwalayo kuti mayiyo agoneko. Tingapemphe kuchititsa msonkhano wa mapemphero pakhonde pake, waufupi, wa nyimbo zofatsa, osayembekezera kuti atiphikire tiyi. Ndipo tikafika, titafunsa za wodwala, titembenukire kwa iye ndi kumufunsa kuti, nanga inu amayi, mwagona bwanji?

Mafunso okambirana

1. Kodi munadwazikapo? N'chiyani chinakutopetsani kwambiri, ndipo ndani anakupepuzani?
2. Kodi nyimbo yokweza mzimu timaisiyanitsa bwanji ndi nyimbo yongotiiwalitsa mavuto?
3. N'chifukwa chiyani odwazika ambiri amadziona olakwa akapuma? Tingawathandize bwanji ndi zimene tawerengazi?
4. Ndani m'dera lathu amene akudwazika panopa? Tisanabalalike, tigwirizane amene apiteko sabata ino, tsiku lake, ndi pemphero limene akaimbe.