Moto wa Eni Mudzi pa Usiku wa Chisanu



Mudziwa inu nonse chisanu cha mwezi wa June m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, pamene nkhungu itsika madzulo niphimba njira, ndi mphepo ya mwera ilowa m'mafupa. Pa nyengo yotere, chaka cha 2019, tinanyamuka ku Malomo anthu asanu kunka ku Mgonero ku Chinthembwe. Galimoto imene tinakwera inafa panjira dzuwa litapendeka. Ndipo ife, poyesa kuti dziko tilidziwa, tinati tidutse chidule pansi. Koma nkhungu inatipeza pachitunda, ndipo tinazungulirazungulira kufikira mdima.

Mwa ife munali mkulu wa mpingo, amene tsiku lomwelo anakwanitsa zaka 70. Anabadwa m'chaka cha njala, 1949. Ndipo tsiku lake alidziwa chifukwa mphunzitsi wa m'mudzi mwao analilemba, pakuti ambiri a msinkhu wake sadziwa lao. Tili m'galimoto anatiwerengera ntchito zake: zaka za ukulu wake, a m'kalasi amene anawaphunzitsa, ndi nyumba zopemphereramo zimene anaziumbira njerwa. Sitimtsutsa ai; zonsezo nzoona.

Usiku utakula tinamva galu, ndi fungo la utsi. Mmodzi wa ife anazindikira mudziwo, nati, Kuno nkwa anthu a gule wamkulu, Mkristu palibe. Pomwepo mkuluyo anaima, nati, Ine sindigona m'mudzi umenewo. Kuli bwino ndigone patchire. Koma mano ake analikugundana, ndi maondo ake anakana mau a pakamwa pake. Tinamgwira dzanja, ndipo tinapita.

Mwini nyumba sanatifunse mpingo wathu. Anangoti, Lowani agogo, kunja kuno sikugona munthu. Mkazi wake anakoleza moto, natiotchera mbatata, natikazingira mtedza. Bulangete anali nalo limodzi, nalifunditsa nkhalambayo. Iye mwini anafunda thumba.

Tsono abale, tsegulani Machitidwe a Atumwi, mutu 27 ndi 28. Paulo anali wandende, alikunka ku Roma m'ngalawa ya anthu 276, nyengo yabwino yoyenda panyanja itapita. Namondwe anawakankha kufikira usiku wa 14, ngalawa niisweka pa chisumbu cha Melita, kumene sanafune kupita. Eni chisumbuwo sanamdziwe Kristu; koma poona mvula ndi chisanu anasonkha moto, nawalandira onse. Ndipo taonani chimene mtumwi anachita. Sanayambe ndi kuwadzudzula, sanayambenso ndi kulalikira. Anapita kukatola nkhuni za pamoto wa eni mudzi. Anakhala komweko miyezi itatu, napempherera atate wa mkulu wa chisumbucho, amene anadwala malungo ndi kamwazi, nachira.

Kumbukiraninso chiyambi chathu. Pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anafika kuno m'chaka cha 1889, anafika monga alendo opempha malo. Anawalandira ndani? Mfumu Chiwere ya Angoni, imene siinali Mkristu. Ndipo pa 28 November chaka chomwecho anamanga hema wao pa Mvera. Kongwe, kumene Robert Blake anayamba ntchito m'chaka cha 1894, inamangidwanso pa nthaka ya eni ake. Mpingo umene tinyadira lero unayamba ndi kuotha moto wa anthu amene ife adzukulu tiwatcha akunja.

Asatimve molakwa wina. Sitinena kuti njira ya kudambwe ndi njira ya Kristu ndi imodzi. Pamenepo chiphunzitso cha mpingo muchidziwa. Chimene tidandaula ndi mtima wathu wodzikuza, umene uyesa kuti Mulungu sangatitumizire chifundo koma mwa dzanja la munthu wa kadi ya Mgonero. Pali midzi ina pafupi ndi Malomo imene tiilambalala zaka ndi zaka, osalowamo ngakhale pa maliro. Nanga Mau adzalowamo ndi yani?

Pakati pa usiku mkuluyo sanagone. Tinamumva alikutchula Salimo 90, pamene Mose awerenga zaka za munthu nafika pa 70 yomweyo. Pambuyo pake anati kwa ife, Ana anga, lero ndawerenga molakwa. Ndinakuuzani za njerwa zanga, koma sindinakuuzeni kuti chaka cha njala, ine ndili kumsana, amene anadyetsa amai anga ndi amalume awo, munthu wa gule, amene sanalowe m'nyumba ya Mulungu kufikira imfa yake. Dzina lake sindinalitchule m'pemphero ngakhale kamodzi. Atatero analira, ndipo ife tinakhala chete, pakuti aliyense anali ndi dzina lake loiwalika.

Kutacha sitinampeze pamphasa. Anabwera ali ndi mtolo wa nkhuni paphewa, mame ali m'miyendo, nautula pakhomo. Anapempha mwini nyumba ngati angalole pemphero, ndipo iye analola, naitana ana ake. Mnyamata wa pamudzipo anatiperekeza, natisonyeza njira, imene inali kuseri kwa munda wa chinangwa, pafupi penipeni ndi pamene tinasokera. Tinafika ku Chinthembwe nyimbo yoyamba itatha.