Wodwala ndi wa Yani?

Chipatala chilichonse, ngakhale chimene sichinalembepo chikhulupiriro chake papepala, chimakhala chitayankha kale funso limene akatswiri a zaumulungu ndi a nzeru zakuya akhala akulimbana nalo kwa zaka zambirimbiri, lakuti munthu akagwa m'matenda, ndani amene ayenera kumuyankhira. Yankholo silipezeka m'mawu olembedwa pachipata kapena m'mapemphero a m'mawa, koma m'mene anamwino amagawirana ntchito akangolowa m'wodi, chifukwa pamenepo ndi pamene zimadziwika ngati wodwala ali ndi munthu womudziwa, kapena ngati wangosanduka bedi limene anthu ambiri amadutsapo, aliyense ndi ntchito yake. Zimene mabuku a unamwino amazitcha njira zoperekera chisamaliro, ndiko kuti dongosolo losonyeza amene achite chiyani, kwa yani, ndi amene adzafunsidwe zinthu zikalakwika, zimaoneka ngati nkhani ya m'maofesi, koma pansi pake pagona nkhani ya chikumbumtima.

M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, kum'mawa kwa Zambia, funsoli limalemera kwambiri chifukwa zipatala zakale ndi zodziwika za kumeneko zinabadwira m'mipingo. Chipatala cha St Francis ku Katete chinayambitsidwa mu 1948 ndi Francis Trefusis, wansembe wa Anglican amene analinso dokotala, ndipo masiku ano chimayendetsedwa ndi mipingo ya Anglican ndi Katolika pamodzi, chili ndi sukulu yake ya anamwino, komanso chimalandira odwala otumizidwa kuchokera kumadera akutali a chigawochi. Ku Sinda kuli chipatala cha Nyanje cha mpingo wa Reformed Church in Zambia. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma oima paokha mu 2012, woyambayo atadulidwa ku Katete ndi Petauke, winayo ku Chadiza, koma malire atsopano sanafupikitse mtunda umene wodwala wa m'mapiri a ku Vubwi amayenda kuti akapeze dokotala wa opaleshoni. Chipatala chimene chimati chimatumikira m'dzina la Khristu sichingazembe kufunsidwa ngati kagawidwe kake ka ntchito kakugwirizana ndi zimene chimalalikira.

Njira yakale kuposa zonse ndi ija yakuti namwino mmodzi amachitira wodwala zonse pa nthawi imene ali pantchito, kuyambira kumusambitsa ndi kumumwetsa mankhwala mpaka kumutsuka bala, ndipo ikadalipobe m'zipinda za odwala mwakayakaya. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, anamwino ambiri a ku America atapita kukathandiza asilikali, zipatala zinabwereka nzeru ya m'mafakitale: ntchito inaduladulidwa, kotero kuti wina ankangoyeza kutentha kwa thupi m'wodi yonse, wina ankangobaya jakisoni, winanso ankangomanga mabala. Njira imeneyi, imene pa Chingerezi imatchedwa functional nursing, ndiyo imene wodi iliyonse yochepa antchito imagwerako yokha, ngakhale pasakhale amene waisankha.

Olemba ambiri amainyoza njirayi ngati yopanda umunthu, koma kutero n'kuweruza mofulumira. Namwino amene watsala yekha usiku ndi odwala makumi angapo, akaganiza zokhala pambali pa mmodzi kufikira atamumvetsa bwino, ndiye kuti ena onse sadzalandira mankhwala pa nthawi yake, ndipo chifundo chake kwa mmodziyo chidzakhala nkhanza kwa otsalawo. Kuyenda bedi ndi bedi ndi thireyi ya mankhwala, osadumpha wosauka kapena wosadziwika, ndi mtundu wa chilungamo, ndipo chilungamo sichichepa pamaso pa Mulungu. Zambia inachotsa malipiro m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi mu 2006, ndipo mu 2022 boma linalemba ogwira ntchito zaumoyo oposa 11,000, zimene zikusonyeza kuti khomo linatsegulidwa pamene manja ogwira ntchito anali ochepa. Malemba nawonso sadana ndi kugawa ntchito. Yetero analangiza Mose kuti asiye kuweruza yekha milandu yonse asanadzitopetse pamodzi ndi anthu ake, ndipo m'chaputala 6 cha Machitidwe a Atumwi, akazi amasiye olankhula Chigiriki atayamba kunyalanyazidwa pa kagawidwe ka chakudya, mpingo unasankha amuna asanu ndi awiri kuti ayang'anire ntchitoyo. Chofunika kuchiona pankhani yachiwiriyi n'chakuti amunawo anatchulidwa mayina mmodzimmodzi, kotero kuti wamasiye wodumphidwa ankadziwa khomo loti akagogode.

Apa ndiye pamene njira yoduladula ntchito imaperewera. Woyeza kutentha kwa thupi amaona kuti kwakwera, wopereka mankhwala amaona kuti wodwala wakana nsima, womanga bala amamva kafungo kachilendo, koma ngati palibe amene ntchito yake ndi kulumikiza zizindikiro zitatuzi, aliyense amaweruka ndi mtima woyera pamene wodwalayo akunka nafooka. Palibe walakwa, komabe cholakwa chachitika, ndipo ichi ndi chinthu chimene chiphunzitso cha tchimo, chimene chinazolowera kuloza chala munthu mmodzi, chimavutika kuchifotokoza. Uthenga wa Yohane umasimba za munthu amene anadwala zaka 38, ndipo anali chigonere pa thamanda la Betesda, pakati pa khamu la anthu, ndipo dandaulo lake silinali lakuti mankhwala kulibe, koma lakuti analibe munthu womuika m'madzi. Martin Buber, Myuda woganiza mozama amene analemba za zimenezi mu 1923, anasiyanitsa kukumana ndi mnzako ngati munthu amene ukulankhulana naye ndi kumuona ngati chinthu chimene ukugwirapo ntchito, ndipo anavomereza kuti moyo sungayende popanda mbali yachiwiriyo, koma anachenjeza kuti wokhalira yokhayo wataya umunthu wake. Wodwala akayamba kutchedwa "wa shuga uja" kapena "wa pakona", kusinthako kwachitika kale.

Pofuna kukonza vutoli, Eleanor Lambertsen ndi anzake m'zaka za m'ma 1950 analimbikitsa zoti wodi igawidwe m'magulu, gulu lililonse la antchito likhale ndi odwala ake ndi namwino wolitsogolera. Njira imene inafika pamtima pa funsoli ndi ya Marie Manthey, imene inayamba mu 1969 pa chipatala cha University of Minnesota ndipo imadziwika kuti primary nursing: wodwala aliyense amapatsidwa namwino mmodzi womuyankhira kuyambira tsiku logonekedwa kufikira tsiku lotulutsidwa, ndipo namwinoyo akaweruka, anzake amatsatira dongosolo limene iye wasiya. Ambiri amati zimenezi n'za mayiko olemera, ndipo pa chiwerengero cha antchito akunena zoona, koma chimene njirayi inatulukira si chiwerengero. Inatulukira kuti ntchito ingathe kugawidwa kwa anthu khumi, koma udindo ukagawidwa kwa anthu khumi umasungunuka.

Achewa a ku Katete sangadabwe ndi mfundo imeneyi, chifukwa ndi mmene banja lawo limayendera kuyambira makedzana. Pa mwambo wa Achewa, amene amatsata mtundu wa kuchikazi, mbumba, ndiko kuti alongo a munthu pamodzi ndi ana awo, ili ndi mwini wake, amene kawirikawiri amakhala malume, ndipo matenda akakula uthenga umayenera kumufika iyeyo. Iye sakhala amene amaphika phala kapena kuchapa zofunda, pakuti ntchito imeneyo imapatsidwa kwa wodwazika matenda, koma ndiye amafunsidwa ngati munthu wamwalira abale asanauzidwe. Ngakhale mwambo wa Kulamba, umene umachitika ku Mkaika m'mwezi wa Ogasiti, uli ndi mzimu womwewo, pakuti mafumu ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzafotokozera Kalonga Gawa Undi mmene anthu awo akukhalira. Choncho m'wodi ya ku Katete kapena ku Nyanje mumakhala madongosolo awiri nthawi imodzi: la chipatala, limene limagawa ntchito, ndi la kumudzi, limene limaika munthu mmodzi pambali pa bedi. Wodwazikayo ndiye amadziwa kuti wodwala sanagone, kuti wasanza kawiri, kuti akuopa opaleshoni, ndipo namwino wanzeru amayamba wafunsa iyeyo asanatsegule fayilo.

Komabe kutamanda dongosolo la kumudzi popanda kuona mtengo wake ndi chinyengo. Odwazika ambiri ndi amayi, amene amasiya munda pa nthawi yopalira, amasiya ana m'manja mwa agogo, amagona pansi, ndipo sawerengedwa m'buku lililonse la antchito ngakhale kuti wodi ingavutike kwambiri atati achoke onse tsiku limodzi. Mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga umatchulidwa kawirikawiri poyamikira mgwirizano wa abale, koma pa matenda aatali dengalo limatsalira pamutu umodzi womwewo. Palinso vuto lina, lakuti udindo wa mwini mbumba ungasanduke ulamuliro, moti mayi wofunika opaleshoni yamsanga amadikira mawu a munthu amene ali kutali, pamene lamulo la chipatala limati munthu wamkulu amene ali ndi nzeru zake amavomera yekha. Kuyankhira munthu n'kosiyana ndi kumulankhulira, ndipo mwambo ndi chipatala zonse zimakhoza kusokoneza ziwirizi.

Funsoli limakula wodwala akatuluka pachipata, ndipo apa ndi pamene pamabwera chimene chimatchedwa case management, ndiko kuti kuika munthu mmodzi woti atsate ulendo wonse wa wodwala kudutsa m'manja osiyanasiyana, kuonetsetsa kuti walandira zoyenera pa nthawi yake. Mu unamwino njirayi inakhazikitsidwa ndi Karen Zander ndi anzake pa New England Medical Center ku Boston m'zaka za m'ma 1980, boma la America litasintha kalipiridwe ka zipatala mu 1983, kotero kuti kuyambira pachiyambi inali ndi nkhope ziwiri, ina yoyang'ana wodwala, ina yoyang'ana thumba. Ku Zambia njira yofanana nayo inabadwa ndi maliro. Edzi itadzaza mawodi, chipatala cha Salvation Army cha Chikankata chinayamba mu 1987 kutsata odwala kumakomo kwawo, mipingo ina inachita chimodzimodzi kudzera mwa anthu odzipereka, ndipo ma ARV atayamba kuperekedwa kwaulere mu 2005, ntchito inasintha kuchoka pa kuperekeza akufa kupita pa kusunga amoyo pa mankhwala kwa moyo wawo wonse. Wodwala TB amene ayenera kumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi amapatsidwa womuthandiza, amayi apakati amatsatidwa ndi magulu a uchembere wabwino otchedwa SMAG, ndipo kuyambira 2012 m'zipatala zing'onozing'ono za m'midzi munayamba kufika athandizi a zaumoyo ophunzitsidwa chaka chimodzi, amene mbali yaikulu ya ntchito yawo inakonzedwa kuti ikhale yoyendera makomo.

Fanizo la Msamariya wachifundo limawerengedwa kawirikawiri ngati nkhani ya munthu amene anaima pamene ena anadutsa, koma mapeto ake ndi amene amakhudza nkhani ino. Msamariyayo sanakhale ndi wovulalayo mpaka kuchira. Anamusiya m'manja mwa mwini nyumba ya alendo, anapereka ndalama, nalonjeza kuti pobwerera adzalipira zotsala, ndipo potero anapereka ntchito kwa wina koma ngongole anaisunga yekha. Kalata yotumizira wodwala kuchokera ku kachipatala ka ku Vubwi kupita ku chipatala chachikulu ingakhale yotula katundu kapena yofanana ndi lonjezo la Msamariyayo, ndipo kusiyana kwake kumaoneka ngati wolembayo amafunsa pambuyo pake kuti munthu uja anafika kapena ayi, komanso ngati chipatala chachikulu chimabweza mawu ofotokoza zimene chinapeza.

Kutsata munthu nako kuli ndi mthunzi wake. Wothandiza wa m'mudzi ndi mnansi, amene amatunga madzi pa mjigo womwewo, ndipo njinga yake ikaima pakhomo kawirikawiri, chinsinsi cha matenda chimaululika popanda wolankhula. Komanso pamene opereka ndalama akufuna ziwerengero za amene akadali pa mankhwala, munthu angathe kufunidwa osati chifukwa chakuti wina akumudera nkhawa, koma chifukwa chakuti mzere wake m'kaundula wasowa chizindikiro. Yankho lina linachokera tsidya la malire, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene mu 2008 odwala pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anayambitsa timagulu ta anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, amene amasinthana kupita kuchipatala kukatengera anzawo ma ARV, ndipo Zambia inatengera njirayi pambuyo pake. M'timagulu timeneti wodwala salinso wongolandira, pakuti iyenso amayankhira anzake, ndipo akudziwa kuti mwezi wake ukafika, ena akudalira mapazi ake.

Chimene madongosolo onsewa sanachithetse ndi malire a mayiko. Katete ndi Sinda ali m'malire a Mozambique, Vubwi amakhudza Mozambique ndi Malawi, ndipo anthu ambiri a mbali zonsezi ndi a chilankhulo chimodzi, amakwatirana, ndiponso amapita ku chipatala chimene chili pafupi osati chimene chili m'dziko lawo. Wodwala wolowera pa malire a Chanida angathe kuchitidwa opaleshoni ku Katete n'kubwerera kumudzi kumene mthandizi wa zaumoyo wa ku Zambia alibe chilolezo chofikako, ndiponso kumene namwino wa ku Mozambique amalemba m'Chipwitikizi m'kaundula wina. Pa ulendo wotero amene amanyamula mbiri yonse ya matendawo ndi wodwazika uja, mu kapepala kopindidwa m'nsonga ya chitenje, ndipo palibe sukulu imene inamuphunzitsa kuwerenga zimene zalembedwapo.